Kunja kusinthe, m'kati musasinthe: ntchito ya mitsempha ndi mahomoni m'thupi lathu

Masana a mu Okutobala, pitani ku Soweto Market mu Lusaka muone mnyamata akukankha wilibala yodzaza matumba a anyezi, malaya atamata kumsana, nkhope ikuyenderera thukuta. Mutamuyeza kutentha kwa thupi mupeza madigiri 37, mwina kuposerapo pang'ono chifukwa cha ntchitoyo. Dikirani mpaka Juni, mulawirire ku Kanyama kukadali mdima, mupeze mayi ali pamzere wa pampopi, chitenje atafunda m'mapewa, zala zitauma ndi mphepo moti zikukanika kugwira chigubu. Mayiyunso m'kati mwake muli madigiri 37. Kunja kwasintha ndi madigiri oposa 20, koma m'kati mwa anthu awiriwa kusiyana kwake sikufika ngakhale madigiri awiri.

Kutentha ndi chimodzi chabe. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo shuga yense amene akuyenda m'magaziwo pa nthawi imodzi ndi magalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono, wongokwana kasupuni ka tiyi. Mudye nsima mitanda itatu kapena mugone ndi njala, kukamacha muyezowo umakhala utabwerera pamene unali. Asidi wa m'magazi amasungidwa pakati pa 7.35 ndi 7.45 pa sikelo ya pH, kampata kakang'ono zedi, ndipo akatuluka kwambiri m'kampatako munthu amagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Madzi, mchere, kashiamu, mpweya, chilichonse chili ndi malire ake.

Maselo athu sadziwa za Okutobala kapena Juni. Amakhala m'timadzi towazungulira, ndipo mapuloteni amene amagwira ntchito m'kati mwawo amachita ulesi kukazizira, amawonongeka kukatentha kwambiri kapena asidi akachuluka. Woyamba kufotokoza zimenezi momveka anali Claude Bernard, katswiri wa ku France amene anamwalira mu 1878. Iye anaona kuti nyama imatha kuyenda paliponse, padzuwa ndi pamphepo, chifukwa chakuti madzi amene maselo ake akukhalamo sasinthasintha. Mu 1926 Walter Cannon wa ku Harvard anaipatsa ntchito imeneyi dzina loti homeostasis, limene ana athu amakumana nalo m'mabuku a ku sekondale.

Ine sindiiona ngati nkhani ya mayeso okha. Mzere wa anthu a BP ndi shuga umene timauona m'mawa pa makiliniki athu, mwana wotentha thupi pakati pa usiku, banja lopezeka litakomoka pafupi ndi mbaula, yonseyi ndi nkhani imodzi yomweyi. Ndipo pali mfundo imene ambiri tinaimva mozondoka. Zizindikiro zimene zimatiopsa, monga thukuta, kunjenjemera ndi ludzu, nthawi zambiri zimasonyeza kuti thupi lili pa ntchito yake. Zimene zimapha mwakachetechete ndi zija zimene thupi silitha kuziyeza, kapena zimene lazizolowera mpaka kuziyesa zabwinobwino.

Nyumba zambiri muno mu Lusaka zili ndi thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo. M'thankimo muli mpira woyandama, wolumikizidwa ndi kachitsulo ku valavu. Madzi akatsika, mpira umatsika nawo, valavu n'kutseguka, madzi n'kulowa. Akakwera, mpira umakwera n'kutseka. Palibe amene amaima pamenepo kulondera; madzi omwe alowawo ndi amene amatseka njira yawo. Thupi limagwira ntchito chimodzimodzi pa pafupifupi chilichonse: pali choyeza, pali malo amene amafanizira zoyezedwazo ndi muyezo woyenera, ndipo pali chiwalo chimene chimabweza zinthu m'malo. Zikabwerera, lamulo limazima lokha. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi uthenga umayenda bwanji pakati pa zitatuzi?

Amithenga awiri

Mthenga woyamba ndi mitsempha ya mauthenga. Amenewa ndi maselo opyapyala koma ataliatali, ena oyambira m'chiuno mpaka kuchala cha kuphazi. Uthenga umayendamo ngati mphamvu ya magetsi, ndipo m'mitsempha yothamanga kwambiri umafika mamita 120 pa sekondi. Mukakhudza mphika wotentha, dzanja limachoka ululu usanamveke, chifukwa lamulo lochotsa dzanja limachokera mumsana, ubongo umauzidwa pambuyo.

Gawo lalikulu la mitsempha imeneyi sitililamulira n'komwe. Lili ndi nthambi ziwiri zokokana. Ina, yotchedwa sympathetic, imakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kulimbana: mtima uthamange, njira za mpweya zitseguke, kugaya chakudya kuyambe kwaima. Inzake, parasympathetic, ndi ya nthawi yopuma ndi kugaya chakudya, ndipo mtsempha wake waukulu ndi vagus, wochokera kumunsi kwa ubongo n'kutsikira kumtima, kumapapo ndi m'matumbo. Mtima utasiyidwa wokha ungamagunde pafupifupi ka 100 pa mphindi. Ukamagunda ka 60 kapena ka 70 mutakhala pansi, ndi vagus amene akuugwira pang'ono, usana ndi usiku.

Mthenga wachiwiri ndi mahomoni. Awa ndi mankhwala amene tiziwalo tina timapanga n'kuthira m'magazi. Magazi amazungulira thupi lonse pafupifupi mphindi imodzi, choncho homoni imafika paliponse, koma amene amaimvera ndi maselo okhawo amene ali ndi timalo toilandirira. Imachedwa kuyamba poyerekeza ndi mtsempha, koma imakhalitsa: mphindi, maola, nthawi zina zaka, monga zimachitikira mwana akamatha msinkhu.

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti mitsempha ndiyo imalamula zonse. Mu 1902, ku University College London, William Bayliss ndi Ernest Starling anadula mitsempha yonse yopita ku kachigawo ka matumbo a galu, n'kuthiramo asidi ngati uja amachokera m'chifu. Chiwalo cha pancreas, chimene chili kuseri kwa chifu, chinatulutsabe madzi ake ogayira chakudya. Mitsempha palibe, nanga chinauzidwa ndi ndani? Anapala khungu la m'kati mwa matumbowo, n'kusefa madzi ake, n'kubaya m'magazi, ndipo pancreas inayankhanso. Umu ndi mmene anapezera secretin, ndipo mu 1905 Starling anayamba kutchula amithenga otere kuti mahomoni.

Chosangalatsa n'chakuti amithenga awiriwa ndi a pachibale. Mu 1921 Otto Loewi, ku Graz m'dziko la Austria, anatenga mitima iwiri ya achule ikugundabe m'madzi a mchere. Anagwedeza vagus wa mtima woyamba ndi magetsi, mtimawo unachepetsa liwiro. Kenako anatunga madzi a mtima umenewo n'kuthira pa wachiwiri, nawonso unachepetsa liwiro. Zinaonekeratu kuti mtsempha ukafika kumapeto kwake umalavula mankhwala, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi acetylcholine. Mu 1936 Loewi analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Henry Dale chifukwa cha ntchito imeneyi.

Pamene awiriwa amakumana kwenikweni ndi pa hypothalamus, kachigawo kakang'ono ka pansi pa ubongo. Kamayeza kutentha kwa magazi ndi mchere wake, kamalandira mauthenga ochokera pakhungu ndi m'mimba, ndipo kamalamula mbali zonse ziwiri: kudzera m'mitsempha, komanso kudzera mwa pituitary, kachiwalo kolendewera pansi pake, kosaposa njere ya nyemba, kamene kamatuma mahomoni kwa tiziwalo tinzake. Minibasi ikatsala pang'ono kukugundani podutsa Lumumba Road, mumaona zonse ziwiri zikugwira ntchito. Kulumpha ndi kugunda kwa mtima koyamba ndi ntchito ya mitsempha. Koma mitsempha yomweyo imauzanso tiziwalo ta adrenal, tiwiri tokhala pamwamba pa impso, kuti tithire adrenaline m'magazi. N'chifukwa chake mutawoloka kale, ngozi itapita, miyendo imanjenjemerabe kwa mphindi zingapo. Homoni ikadali m'magazi.

Mwana akuti akuzizidwa, thupi lili moto

Kukatentha, hypothalamus imatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu kuti kutentha kutulukire kunja, ndipo imayambitsa thukuta. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amatha kutaya lita imodzi pa ola, ngakhale kuposa. Thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma pakhungu, osati likamangodontha pansi. Ichi ndicho chifukwa chake masiku aja mvula ili pafupi, mpweya uli ndi chinyontho, timavutika kuposa masiku otentha koma ouma. Kukazizira zimatembenuka: magazi amachotsedwa pakhungu ndi kuzala kuti mtima ndi ubongo zikhalebe zofunda, thupi limachita tsemwe, minofu imanjenjemera kuti ipange kutentha.

Mowa umasokoneza zimenezi. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukumuthawa. Wogona panja usiku wa mu Juni atakhuta kachasu amatha kufa ndi kuzizira. Khanda nalo silitha kunjenjemera bwino, limadalira mafuta apadera amene limabadwa nawo, ndipo lobadwa masiku asanakwane limakhala nawo ochepa. Kuliika pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, njira ya kangaroo imene inayambira ku Bogotá mu 1978, ndiko kulibwereka kutentha kumene lokha silingathe kusunga.

Tsopano taganizani za usiku uja umene kholo lililonse limaudziwa. Mwana wadzuka akulira kuti akuzizidwa. Mano akugundana, wadzipinda, akupempha bulangete lachiwiri. Mukamugwira pamphumi, moto. Choyezera chikuti 38.5 ndipo chikukwera. Zikutheka bwanji munthu wotentha chonchi kumva kuzizira?

Chachitika n'chakuti asilikali a m'thupi, atakumana ndi tizilombo, atulutsa mankhwala amene afika ku hypothalamus n'kuchititsa kuti ikweze muyezo wake, kuchoka pa 37 kufika pa 39 kapena 40. Zili ngati wina wapinda kachitsulo ka mpira wa m'thanki uja kuti madzi azifika pamwamba kuposa kale. Makina onse akugwira ntchito bwinobwino, koma akulondola muyezo watsopano. Kwa ubongo umene ukufuna 40, thupi la 38.5 ndi lozizira, choncho umalamula kunjenjemera. Muyezo ukatsitsidwa pambuyo pake, thupi limapezeka lili pamwamba, ndiye thukuta limakhuthuka mpaka kunyowetsa zofunda. Aliyense amene anadwalapo malungo amaudziwa mndandanda umenewu: kuzizidwa, kutentha, thukuta.

Paracetamol amabwezeretsa muyezo pansi, mwana n'kupeza mpumulo, n'kutha kumwa madzi ndi kugona. Koma sakhudza tizilombo timene tayambitsa. Apa m'pamene makolo ambiri timapusitsika: kutentha kwatsika, tikuti wachira, pomwe malungo akupitiriza kuswa maselo a magazi. Mwana wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi lipite kuchipatala nthawi yomweyo. Kukomoka ndi dzuwa ndi nkhani ina. Pamenepo muyezo sunasinthe, thupi langogonja, kutentha kwapitirira madigiri 40 ndipo munthu wayamba kusokonezeka mutu. Paracetamol sathandiza, munthuyo aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi, akupizidwe, athamangitsidwe kuchipatala.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense wa m'makomboni athu atachidziwa nyengo yozizira isanafike. Mukagwira mpweya, chimene chimakukakamizani kupuma si kuchepa kwa okosijeni kwenikweni, koma kuchuluka kwa carbon dioxide, amene ubongo umamuyeza mosamala kwambiri. Koma makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wina, carbon monoxide, wopanda fungo, umene umamatirira m'maselo ofiira a magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Thupi lilibe choyezera mpweya umenewu. Silichita befu, silidzutsa munthu. Amangomva mutu ndi tulo, ndipo amagona osadzukanso. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala aoneke kuti apsa bwino.

Nsima ikalowa m'magazi

Nsima, buledi, mpunga, mbatata, zonse zimagayidwa kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Pano woyeza si ubongo. M'kati mwa pancreas muli timagulu ta maselo timene timayeza shuga tokha, n'kutulutsa insulini akakwera. Insulini amauza minofu ndi mafuta kuti zitenge shuga m'magazi, ndipo amauza chiwindi kuti chimusunge monga glycogen, chinthu chimene Claude Bernard yemwe uja anachipeza mu 1857. Chiwindi chimasunga pafupifupi magalamu 100. Usiku mukugona, kapena mukusala kudya, maselo ena a pancreas amatulutsa glucagon, amene amauza chiwindi kuti chiyambe kutulutsa zimene chinasunga. Zonsezi n'chifukwa cha ubongo, umene umalemera magawo 2 okha pa 100 a thupi koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zake, ndipo sutha kusunga chakudya chake.

Munthu wabwinobwino akayezedwa m'mawa asanadye, makina amasonyeza pakati pa 4 ndi 5.5. Akamapezeka pa 7 kapena kuposa mobwerezabwereza, ndiye kuti ndi matenda a shuga. Shuga akafika cha m'ma 10, impso zimalephera kumubweza yense, amayamba kutuluka mu mkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi. Kukodza pafupipafupi, ludzu losatha, nyerere zounjikana pamene munthu wakodza, zonsezi zimachokera pamenepo. Koma pakati pa 7 ndi 10 pali zaka zambiri zimene munthu samva kalikonse, pomwe timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi tikuwonongeka.

Pa mtundu woyamba wa matendawa, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana, maselo opanga insulini amawonongedwa ndi chitetezo cha thupi lomwelo. Kale mwana wotero sankakhalitsa. Mu 1921 ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anakwanitsa kutulutsa insulini mu pancreas ya nyama, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa n'kupulumuka. Mtundu wachiwiri, umene uli ndi anthu ambiri, ndi wosiyana: insulini alipo, koma maselo sakumumvera bwino, makamaka mafuta akachuluka pamimba ndiponso thupi likamangokhala. Pancreas imawonjezera, n'kuwonjezeranso, mpaka kutopa.

Mbali ina ya nkhaniyi imachitika pamaso pathu ndipo sitiizindikira. Bambo wabaya insulini kapena wamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide m'mawa, wathamangira basi osadya, ndipo pofika pa Kulima Tower akutuluka thukuta lozizira, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka, akudzandira. Anthu amati waledzera. Shuga wake watsika pansi pa 4, ndipo thukuta ndi kunjenjemerako ndi adrenaline amene akuyesa kukakamiza chiwindi kuti chitulutse shuga. Ngati akutha kumeza, mupatseni chakumwa chotsekemera kapena shuga wosungunula m'madzi, ndipo m'mphindi zochepa abwerera. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa. Mugonekeni cham'mbali, mufunefune galimoto.

Mahomoni ena amayenda motumana. Hypothalamus imatuma pituitary, pituitary imatuma chithokomiro cha pakhosi ndi homoni ya TSH, chithokomiro n'kupanga thyroxine amene amaika liwiro limene thupi limawotchera chakudya. Thyroxine akakwana, amabwerera kukaletsa awiri oyamba aja. Koma kuti apangidwe pamafunika ayodini. Akasowa m'zakudya, thyroxine amachepa, pituitary imangotumizabe TSH osaleka, chithokomiro n'kumakula poyesa kumvera lamulo limene sichingalikwanitse, mpaka khosi kutupa. Mchere wothira ayodini unabwera kudzathetsa zimenezi, ndipo ndi wofunika koposa kwa mayi woyembekezera, chifukwa ubongo wa mwana sukula bwino popanda thyroxine.

Kutumana komweku ndiko kumachititsa kuti mapiritsi ndi jakisoni zolerera zigwire ntchito: pituitary ikaona mahomoni ali kale m'magazi, imaleka kutuma uthenga wotulutsa dzira. N'kumenenso kumachititsa kuti mankhwala ena akhale oopsa kuwasiya mwadzidzidzi. Prednisolone ndi dexamethasone amatsanzira cortisol, homoni ya tiziwalo ta adrenal imene imathandiza kusunga shuga ndi BP, makamaka pa nthawi ya matenda kapena mavuto. Munthu akawamwa kwa milungu ingapo, ubongo umaona kuti cortisol alipo wambiri, umasiya kutuma, tiziwalo ta adrenal n'kugona. Akawasiya mwadzidzidzi, amatsala wopanda wa m'botolo komanso wopanda wake: kufooka, kusanza, BP kugwa, mwinanso imfa. Dokotala akamati muchepetse pang'onopang'ono, akupatsa tiziwaloto nthawi yodzuka. Mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ali ndi mankhwala a gulu lomweli, monga clobetasol ndi betamethasone. Akamadzoledwa thupi lonse kwa miyezi, amalowa m'magazi n'kuchita zomwezi, ndipo amatha kukweza shuga ndi BP. Zimandiwawa kuti alongo athu ambiri amene amadzola sanauzidwepo zimenezi.

Pali nthawi zochepa pamene thupi silibweza zinthu koma limazikankhira patsogolo. Pobereka, mutu wa mwana ukakankha khomo la chiberekero, mitsempha imauza ubongo, pituitary imatulutsa oxytocin, chiberekero chimafinya, mutu umakankha kwambiri, oxytocin n'kuwonjezeka. Chimene chimaimitsa ndi kubadwa kwa mwana. Jakisoni amene azamba amabaya mayi mwana akangobadwa ndi oxytocin yemweyo, kuti chiberekero chifinye, magazi asataike.

Madzi, mchere ndi BP

Impso zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku kuchokera m'magazi, n'kubweza pafupifupi onse, kusiya lita imodzi kapena awiri a mkodzo. Wouza impso kuchuluka kobweza ndi homoni ya ADH. Mukataya thukuta, magazi amakhala ndi mchere wambiri pang'ono, hypothalamus imazindikira, imabweretsa ludzu n'kutulutsa ADH, ndipo mkodzo umachepa n'kuda. Mowa umaletsa ADH, n'chifukwa chake womwa amapitapita kuseri kenako n'kudzuka kukhosi kuli gwa. Ludzu limafooka ndi ukalamba. Agogo akanena kuti sakumva ludzu masana a mu Okutobala, apatseni madzi basi.

BP nayo ili ndi alonda a mitundu iwiri. Achangu ali m'khosi ndi pa mtsempha waukulu wochoka kumtima, ndipo amamva kutanuka kwa mitsempha ya magazi. Mukadzuka pampando, magazi ambiri amatsikira kumiyendo, alondawo amauza ubongo, ndipo mtima usanagunde kangapo wawonjezera kale liwiro, mitsempha yafinya. Akachedwa pang'ono, m'maso mumachita mdima. Alonda apang'onopang'ono ali mu impso. Magazi ofika kumeneko akachepa, impso zimatulutsa renin, amene amayambitsa angiotensin wofinya mitsempha, ndi aldosterone wouza impso kuti zisunge mchere, madzi n'kutsatira mcherewo.

Tinaona malire a dongosolo limeneli pa kolera amene anayamba mu Okutobala 2023, pamene pofika Januwale 2024 National Heroes Stadium inasandulika malo ogonekera odwala. Wodwala kolera kwambiri amatha kutaya madzi ofika lita imodzi pa ola. Thupi limachita zonse zimene likudziwa: ludzu, mtima kuthamanga, manja kuzizira, mkodzo kuleka. Koma silingasunge madzi amene kulibe. ORS, madzi aja a mchere ndi shuga, amagwira ntchito chifukwa m'matumbo muli khomo limene limalowetsa mchere pokhapokha uli pamodzi ndi shuga, ndipo kolera salitseka khomo limeneli. Mchere ukalowa, madzi amalowa nawo. Popanda paketi, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere zimathandiza munthu ali pa ulendo wa kuchipatala.

Thupi lathu ndi katswiri posunga mchere, koma si katswiri poutaya. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi. Werengani wa m'ndiwo, wa m'timakyubu tokometsera, wa mu soseji ndi buledi, wa mu nsomba zouma, ndi uja timawaza pa nyama yowotcha. Onjezanipo mtundu wa kubanja, msinkhu, kunenepa ndi mowa, ndipo BP imakwera pang'onopang'ono. Mwa anthu akuda ambiri BP imakhala ya mtundu wosunga mchere, renin ali wochepa, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene madokotala amakondera kuyamba ndi amlodipine, amene amamasula mitsempha, kapena hydrochlorothiazide, amene amauza impso kutaya mchere. Enalapril amatseka njira yopangira angiotensin. Mnzake woyamba wa gulu limeneli, captopril, anapangidwa akatswiri ataphunzira ululu wa njoka ina ya ku Brazil umene umagwetsa BP, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1981.

Nanga alonda a m'khosi aja amakhala kuti BP ikamakwera? Amazolowera. BP ikakhala pamwamba kwa tsiku limodzi kapena awiri, amayamba kuitenga ngati muyezo woyenera, n'kumauteteza. Sipakhala ludzu, thukuta kapena kunjenjemera kochenjeza, ndipo ambiri mutu suwawa n'komwe. Munthu amatha kuyenda ndi 170 pa 100 kwa zaka, akugulitsa pamsika, akuimba mu kwaya, pomwe malire ndi 140 pa 90.

Kukambirana kotere kumamveka tsiku lililonse pa makiliniki. "Amayi, mankhwala aja mukumwa?" "Ayi mwanangu, ndinasiya. Masiku ano ndikumva bwino." Amayiwo sakunama, akumvadi bwino, ndipo ankamva bwino ngakhale asanayambe mankhwala. Mapiritsi sachotsa chimene chinakweza BP, amangoigwira pansi tsiku limene amwedwa. Akasiyidwa imakweranso m'masiku kapena milungu yochepa, ndipo chokhacho chimene chingaione ndi makina omanga pamkono aja. Ikakhala pamwamba, khoma la mtima limakhuthala, timitsempha ta mu ubongo timatha kuphulika kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi. Imawononganso tosefera ta mu impso, ndipo apa vuto limadzidyetsa lokha, pakuti impso ndizo zimayenera kuyang'anira BP. Zikawonongeka zimasunga mchere ndi madzi ochuluka, BP imakweranso, impso n'kuwonongekeratu. Njira imeneyi, pamodzi ndi ya shuga, ndi imene imafikitsa anthu ambiri pa makina a dialysis ku chipatala chachikulu cha UTH, kawiri kapena katatu pa mlungu, maola angapo ulendo uliwonse, kuti makina achite ntchito yoyeza madzi, mchere ndi asidi imene impso zinkachita zokha.